Iris kapena rosemary wokwawa: lipoti la khoma lina la maluwa ku Blantyre

Lipotili likukhudza bedi limodzi la maluwa pa loji ina yaing'ono yomangidwa m'mbali mwa phiri mumzinda wa Blantyre. Ndinaitanidwako mu Januwale 2023, dzinja lili pakati, ndipo bedilo ndinalitsatira mpaka kumapeto kwa 2024. Mayi mwini loji anali ndi funso limodzi: pa zomera ziwiri zimene anadzala pamwamba pa khoma, iris ndi rosemary wokwawa, azule chiti ndipo asiye chiti? Zonse ziwiri zinkafa, ndipo mayiwo ankakhulupirira kuti chimodzi chikupha chinzake. Ndalembera anzanga okonza minda ya maluwa, makamaka inu amene mumagwira ntchito pa nyumba za m'mapiri ku Blantyre ndi Zomba, komwe makoma ogwira dothi ali ponseponse.

Malo ake ndi mmene zinayambira

Khomalo ndi la miyala yomangidwa ndi simenti, lotalika mamita 18, msinkhu wake mita imodzi ndi theka. Ntchito yake ndi kugwira dothi kuti lisagumukire pabwalo poimika magalimoto. Pamwamba pake pali bedi lotambalala mita imodzi, kumtunda kwa bedilo kuli kapinga wotsetsereka, kenako nyumba. Khoma linayang'ana kumpoto, choncho dzuwa limawomba pabedipo tsiku lonse, ngakhale mu Juni ndi Julaye. Pa nkhani ya dzuwa panalibe chodandaula.

Iris mayiwa anamuona ku Johannesburg atapita kukacheza kwa mwana wawo mu Okutobala wina, nthawi imene maluwawa amachita bwino kumeneko, ndipo mtima unatsala komweko. Mbewu anapatsidwa ndi mnzawo wa ku Zomba. Ndi mtundu uja wa masamba aatali, osongoka, otuwirako, wa maluwa akuluakulu okhala ndi tiubweya pa timasamba togwera pansi, umene m'mabuku umalembedwa kuti Iris germanica kapena bearded iris. Podzala sitigwiritsa ntchito njere koma tsinde lake lonenepa lokwawa pamwamba pa nthaka, looneka ngati jinja, lomwe ambiri timangoliti mbatata yake.

Rosemary, chomera cha masamba onunkhiritsa zakudya, anabwera chifukwa cha wophika wa palojipo, amene anatopa ndi kugula wouma wa m'mabotolo. Anagula wa m'machubu kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu. Wokwawayu satalika kupitirira masentimita 30 mpaka 60, koma nthambi zake zimayala ndi kulendewera. Pogula mungapeze mayina awiri: lakale ndi Rosmarinus officinalis 'Prostratus', koma kuyambira 2017 akatswiri a zomera anamuika m'gulu la Salvia ndipo amalemba Salvia rosmarinus. Chomera chake ndi chimodzimodzi.

Zonse zinadzalidwa mu Meyi 2022, iris mzere wa kumbuyo, rosemary m'mphepete kuti alendewere pakhoma. Ganizo lake silinali loipa. Chilimwe chonse zinthu zinayenda bwino, ndipo mu Okutobala iris anatulutsa maluwa angapo. Mavuto anayamba cha m'ma Khirisimasi. Masamba a iris anayamba chikasu kuchokera pansi n'kumagwa okha, ndipo rosemary wa mbali ya kumadzulo anasanduka wofiirira ngati wawauka ndi moto.

Zimene ndinapeza

Ndisanakumbe n'komwe, fungo linandiuza. Nditakoka tsamba limodzi la iris linangozuka popanda kulimba, pansi pake pali pofewa, ponyowa ndi ponunkha kwambiri. Uku ndi kuola kobwera ndi mabakiteriya otchedwa Pectobacterium carotovorum, omwewo amene amaoletsa mbatatesi, karoti ndi kabichi. Amalowera pa bala ndipo amakonda kutentha kophatikizana ndi chinyontho. Mbatata zinali pansi pa dothi masentimita 10, ndipo pamwamba panali pophimbidwa ndi udzu wotchetcha pakapinga.

Ndinafunsa bambo wosamalira pabwalo, munthu wachikulire wodziwa bwino ntchito ya kudimba.

"Abambo, izi munadzala bwanji?"

"Momwe timadzalira mbatatesi, achimwene. Ndinaika ndi manyowa a nkhuku pansi pake."

"Nanga kuthirira?"

"M'mawa uliwonse. Ndi mmene anandiuzira madamu. Ikagwa usiku ndimachepetsako."

Bamboyu sanalakwe mwa ulesi. Chilichonse chimene anachita n'chimene alangizi amaphunzitsa pa ndiwo zamasamba: kukwirira bwino, kuthira manyowa, kuphimbira, kuthirira mosadumphitsa. Kungoti pa iris zinayi zonsezi ndi zakupha. Mbatata yake imafuna msana uzionekera kunja kuti uziwombedwa ndi dzuwa, ndipo manyowa amphamvu ngati a nkhuku amakulitsa masamba ofewa amene matenda amalowamo mosavuta. Anzanga, tikasiya chomera chachilendo m'manja mwa munthu wozolowera dimba osamufotokozera, adzachisamala mpaka kuchipha.

Rosemary ndiye anandipatsa mfundo yeniyeni, chifukwa sanafe yense. Mbali ya kumadzulo mizu inali yakuda, khungu lake likusupuka ndi chala, zimene zimachitika mizu ikakhala m'madzi nthawi yaitali. Tizilombo ta m'gulu la Phytophthora, timene kawirikawiri timabweretsa kuola kotere, timayenda ndi madzi a m'dothi kuchoka pa chomera china kupita pa chinzake. Koma mamita anayi omalizira a kum'mawa rosemary anali wobiriwira, wonunkhira, atalendewera kale pakhoma. Wothirira ndi mmodzi, dzuwa ndi limodzi, mvula ndi imodzi. Kusiyana kunayenera kukhala pansi.

Tinakumba maenje awiri akuya masentimita 30, lina kumadzulo lina kum'mawa, n'kuwadzaza madzi. La kum'mawa linauma tisanamalize kumwa tiyi. La kumadzulo m'mawa mwake linali likadali ndi madzi. Titakumba mozama tinapeza kuti kumadzulo anathirako katondo wochokera pa maziko a nyumba, wolimba ndi womata, pomwe kum'mawa amisiri anatayirako zidutswa za njerwa, mchenga ndi zotsalira za matope a simenti, n'kungovundikira ndi kadothi pang'ono. Malo amene aliyense akanati ndi oipa ndi omwe anapulumutsa rosemary. Madzi ankadutsa msanga, ndiponso zotsalira za simenti zili ndi laimu, pomwe rosemary sakonda dothi la asidi wambiri.

Panali zina ziwiri. Payipi yotsitsa madzi a padenga inkathira pakapinga, molunjika kumadzulo kwa bedi. Ndipo timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa khoma tinali titamatidwa ndi simenti pamene ankakongoletsa khomalo. Madzi ankalowa koma analibe potulukira.

Zimene tinagwirizana

Ndinawauza mayi kuti palibe chomera chikupha chinzake. Ziwirizi kwawo ndi kumodzi, kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, komwe mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo nyengo yotentha imakhala youma. Kwathu kuno kutentha ndi mvula zimabwerera limodzi kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'mapiri a Blantyre mvula ya pachaka imafika mamilimita 1,000 ngakhale kupitirira. Chimene chimaopseza zomerazi kuno si chilala koma dzinja.

Choyamba sichinali cha maluwa ayi. "Mayi, khoma ili ladzaza madzi kumbuyo. Maluwa tingagule ena, koma likagwera pa galimoto ya mlendo ndi nkhani ina." Anazengereza chifukwa cha ndalama, koma anavomera. Mmisiri anaboolanso timabowo n'kuikamo tizidutswa ta payipi pa mita imodzi ndi theka iliyonse. Kumbuyo kwa khoma tinakumba ngalande n'kuthiramo miyala ya kwale, ndipo payipi ya padenga tinailondolera ku ngalande yaikulu ya kumsewu. Kumtunda kwa bedi, m'malire a kapinga, tinadzala mzere wa vetiva, udzu uja wogwira dothi. Ndikunena izi chifukwa ena amagulitsa rosemary wokwawa ngati chogwira dothi. Amaphimba nthaka, inde, koma pa malo otsetsereka a mvula yathu, iye kapena iris sangalowe m'malo mwa vetiva.

Chachiwiri chinali kupulumutsa mbewu, ndipo apa ndi pomwe zomera ziwirizi zimasiyana kwambiri. Iris wodwala amachiritsika. Tinazula yense, n'kudula mbali zoola ndi mpeni mpaka pofika poyera ndi polimba. Mpeni tinkauviika m'madzi a Jik tikamaliza mbatata iliyonse, ndipo mbatata zodulidwazo tinaziviika kwa kanthawi m'madzi omwewo, gawo limodzi la Jik ku magawo 9 a madzi, n'kuzitsukuluza ndi kuziyanika pakhonde mpaka mabala atauma. Masamba tinawadula kusiya masentimita 15. Pafupifupi theka linatayidwa, ndipo zotayazo sizinapite ku kompositi. Zotsala tinaziokera pa bedi latsopano lokwezedwa masentimita 30, la dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, kumpoto kwa nyumba pomwe denga limatchingako mvula koma dzuwa limafika. Mbatata iliyonse inakhala pa kamtumbira, mizu pansi, msana kunja, motalikirana masentimita 40.

Rosemary wa mizu yoola sachira. Musataye nthawi kumudulira kapena kumuthira feteleza, chifukwa akafika pofiirira ndiye kuti mizu inafa kale. Tinazula n'kutentha. Koma kuchulukitsa kwake n'kosavuta kuposa iris. Pa zomera zamoyo za kum'mawa tinadula nsonga za masentimita 10 mpaka 15, kupulula masamba a m'munsi, n'kuzibzala m'machubu a mchenga pakhonde. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri zimakhala zitagwira mizu. Nthambi zina zokhudza pansi zinali zitamera kale mizu zokha, ndipo izi tinangozidula n'kuziika m'machubu.

Chachitatu ndi chimene tinakanganapo. Mayi ankafuna bedi la pakhoma lidzalidwenso nthawi yomweyo, kuti alendo a pa Pasaka asapeze dothi lokhalokha. Ine ndinakana. Katondo wa kumadzulo tinali titamuchotsa mpaka masentimita 40 n'kuikamo dothi la pamwamba, mchenga ndi zidutswa za njerwa, kutengera zomwe tinaona kum'mawa, koma kuika timbewu tanthete pamtetete mu Febuluwale n'kutaya mbewu. Ndinati tidikire kumapeto kwa Epulo. Sanasangalale, ndipo kwa masabata angapo foni zanga ankayankha mwachidule.

Pakati pa Malichi kunabwera namondwe Freddy. Zimene anachita ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche, komwe anthu mazanamazana anataya miyoyo, sizoyerekeza ndi nkhani ya maluwa, ndipo ndikungomutchula chifukwa anayesa ntchito yathu. Bambo wa pabwalo anandiuza kuti timapayipi ta m'khoma tinkatulutsa madzi usana ndi usiku. Khoma silinang'ambike. Rosemary wakale wa kum'mawa anatuluka bwinobwino, ndipo wa m'machubu anali pakhonde. Pa bedi la iris mbatata zingapo zinaolanso ngakhale zinali pokwera, chifukwa mvula ya mphepo inalowa mpaka pansi pa denga. Izi zinandionetsa kuti pa dothi lofanana lodutsa madzi, rosemary wokhazikika amapirira dzinja lathu kuposa iris.

Yankho la funso la mayi

Kumapeto kwa Epulo tinakhala pansi kuti tisankhe cha pakhoma. Ndinawafunsa chimene akufuna kuti mlendo aone akamaimika galimoto, osati mu Okutobala mokha koma chaka chonse. Iris amapereka maluwa okongola zedi, palibe wotsutsa, koma kwa masabata awiri kapena atatu basi, ndipo duwa lililonse limakhala masiku ochepa. Miyezi yotsalayo ndi masamba okhaokha, amene m'dzinja amachita mawanga ofiirira. Amafunanso kuzulidwa ndi kugawidwa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, apo ayi amathinana n'kusiya kutulutsa maluwa. Ndiponso amafuna nyengo yozizira ndithu kuti akonze maluwa a chaka chotsatira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo m'miyezi yozizira kumagwa chisanu chowaula zomera. Blantyre ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Zimene anaona kwa mwana wawo sizingabwerezeke ndendende pano, ndipo ndinawauza mosabisa.

Rosemary wokwawa maluwa ake ndi aang'ono, a buluu wotuwa, osachititsa munthu kuima. Koma sayoyola masamba, amabisa khoma, amalowa mumphika, ndipo akakhazikika safuna madzi ambiri, chinthu chofunika mumzinda momwe mipopi imauma mu Okutobala. Zovuta zake ndinazitchulanso. Maluwa ake amaitana njuchi, choncho si wodzala pafupi ndi mipando ya alendo. Akakalamba amachita dazi pakati, ndipo ukamudula mpaka pa mtengo wakale wopanda masamba kawirikawiri saphukanso. Popeza wophika amathyolapo, sitingapoperepo mankhwala mwachisawawa. Kumbali ya iris ndinachenjeza kuti mbatata yake si yodya, imatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo palojipo pali agalu okonda kukumba.

Pamwamba pa khoma tinapereka kwa rosemary yekha, motalikirana masentimita 75, popanda manyowa komanso popanda kuphimbira ndi udzu. M'malo mwa udzu tinayala timiyala, chifukwa udzu umasunga chinyontho pa tsinde ndipo umaitana chiswe. Iris anatsala pa bedi lake la kunyumba, ndipo feteleza wake anali D Compound pang'ono chabe mu Ogasiti, wothira mozungulira osakhudza mbatata. Urea ndi CAN ndinaletseratu.

Panatsala m'munsi mwa khoma, pomwe timapayipi timadonthera m'dzinja koma m'chilimwe pamauma gwa. Mayi ankafunabe chooneka ngati iris pamenepo. Ndinawapatsa Dietes grandiflora, amene m'manazale amati wild iris. Ndi wa banja limodzi ndi iris, kwawo ndi ku Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal, ndipo anazolowera mvula ya nyengo yotentha. Maluwa ake ndi oyera okhala ndi chikasu ndi pepo pakati, amabwerabwera kwa miyezi ingapo, ndipo chomeracho chimapirira chinyontho, kuuma ndi mthunzi wapang'ono. Chokumbukira n'chakuti timitengo tonyamula maluwa sitidulidwa maluwa akafota, chifukwa timatulutsanso ena. Ineyo, kasitomala wa ku Blantyre kapena Lilongwe akati akufuna iris, ndimayamba ndamuonetsa Dietes.

Zotsatira

Chiperoni cha Julaye 2023 chinabweretsa kaufa koyera pa masamba a rosemary wamng'ono, pa malo amene zomera ziwiri zinayandikana kwambiri. Tinapatulira nthambi kuti mphepo izidutsa, osapopera chilichonse, ndipo dzuwa la Ogasiti litabwera vutolo linatha. Mu Okutobala 2023 iris anatulutsa maluwa ochepa kwambiri, zomwe sizachilendo pa chaka chotsatira kuzulidwa.

Dzinja la 2023 mpaka 2024 linali la El Niño, mvula inadula nthawi yaitali, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Pakhomapo rosemary sanasonyeze kuvutika kulikonse, ndipo iris sanaole ngakhale mmodzi. Apa ndikuchenjeza anzanga kuti tisadzitame msanga. Chaka chouma si mayeso a iris, chifukwa mdani wake anali kulibe. Dietes yekha ndiye anafuna kuthiriridwa mwa apo ndi apo, popeza anali akadali wamng'ono.

Vuto limene sitinaliyembekezere linachokera kukhitchini. Wophika ankathyola pa zomera zitatu zoyandikira masitepe tsiku ndi tsiku, ndipo pofuna timitengo tobayira nyama yowotcha ankadula nthambi zokhwima mpaka pa tsinde. Chomera chimodzi sichinaphukenso. Tinachilowetsa m'malo ndi china cha m'chubu, ndipo kuseri kwa khitchini tinadzala rosemary woima, amene nthambi zake ndi zowongoka ndipo amatalika kupitirira mita. Kakomedwe kake ndi kofanana, ndiye wophika sanadandaule.

Kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala 2024 iris anachita bwinoko, ngakhale kuti mbatata zambiri zinangopereka masamba. Mayi anadula maluwa ena n'kuika pa tebulo lolandirira alendo, koma anaganiza zosakulitsa bedilo. Pamene ndinapitako komaliza mu Disembala, rosemary anali ataphimba mbali ya pamwamba ya khoma kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, Dietes ali ndi maluwa m'munsi. Bambo wa pabwalo ndinawasiyira ntchito zitatu za m'dzinja: kusathirira pakhoma ndi pa bedi la iris, kutokosa timapayipi ndi waya kuti tisatsekeke, ndi kusindikiza mbatata za iris ndi chala sabata iliyonse, kuti yofewa izulidwe tsiku lomwelo. Kugawa iris tinakuika pa Epulo 2026, mvula ikadzangotha.